Kusonkhanitsa malupanga akale a maofesala a nkhondo a ku Britain: kasankhidwe, kayesedwe ndi kasungidwe

Msilikali wamba wa ku Britain ankapatsidwa lupanga ndi boma, koma ofesala ankagula lake ndi ndalama za m'thumba mwake, kawirikawiri kwa telala yemweyo amene ankamusokera yunifomu. N'chifukwa chake malupanga a maofesala amakoma kusonkhanitsa. Pachitsulo pake pamakhala dzina la wosula kapena wogulitsa, chizindikiro cha mfumu ya nthawiyo, nthawi zina dzina la gulu la nkhondo ndi zilembo za dzina la mwini wake. Ntchito yanu ndi kuwerenga zizindikirozi chimodzichimodzi n'kuona ngati zikugwirizana, kenako kuteteza lupangalo ku dzimbiri ndi ku manja okonda kukwecha.

1. Yambani ndi mtundu umodzi

Gulu lililonse la nkhondo linali ndi kapangidwe ka lupanga kovomerezedwa ndi boma, ndipo kapangidweko kamatchulidwa ndi chaka chimene kanavomerezedwa. Mukamva kuti "la 1822" sikuti linasulidwa mu 1822, likhoza kukhala la 1840.

Woyamba kumene tikumulangiza lupanga la 1897 la maofesala a asilikali oyenda pansi. Anapangidwa ambiri, makamaka pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, choncho mtengo wake suluma kwambiri ndipo ofananitsira sasowa. Chitsulo chake n'chowongoka, chotalika masentimita 82.5, cha m'lifupi mwa masentimita 2.5 pafupi ndi chogwirira. Theka la kuchogwirira n'lobuntha mbali zonse ziwiri, lili ndi kangalande kakuya uku ndi uku, chifukwa lupangali ndi lobayira, si lotemera. Chotchinga dzanja n'chachitsulo chobooleza maluwa, ndipo m'mphepete mwake mwa mbali yoyang'ana thupi anapindira pansi kuti pasamang'ambe yunifomu. Kupinda kumeneku ndiko kumalisiyanitsa ndi la 1895, lomwe m'mphepete mwake n'mosapinda.

Lupanga limeneli ndi lomwe lili ndi mbiri kwathu kuno. King's African Rifles (KAR), imene makolo athu ankaitcha Keyala, inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake oyamba awiri anali a Nyasaland. Maofesala ake achizungu ankachita kubwerekedwa ku magulu awo a ku Britain n'kubwera ndi malupanga awo. Choncho lupanga lotuluka m'nyumba yakale ku Zomba kapena pa esiteti ya tiyi ku Thyolo likhoza kukhala lopanda chilembo chilichonse cha KAR, koma n'kukhala kuti linagwiradi ntchito kuno.

Maso akazolowera mukhoza kubwerera m'mbuyo. La 1822 lili ndi chotchinga dzanja cha mkuwa wachikasu wokutidwa golide, chokhala ndi kachitseko kopindika mbali ya m'kati, ndipo msana wa chitsulo chake ndi wobulungira ngati kapaipi. Mu 1845 chitsulocho chinasinthidwa n'kukhala cha kangalande, ndipo kuyambira 1854 kachitseko kaja kanachotsedwa. La 1827 la asilikali a panyanja lili ndi mutu wa mkango ndi nangula pansi pa chisoti chachifumu. La 1912 la maofesala a pa akavalo lili ndi chotchinga dzanja chachikulu ngati mbale. Lokhota la 1796 la apakavalo, lomwe linachokera m'maganizo a John Le Marchant mothandizana ndi wosula malupanga Henry Osborn wa ku Birmingham, lisiyeni kaye. N'lokongola, koma ndi limodzi mwa malupanga amene amakopedwa kwambiri, ndipo wosadziwa amataya ndalama pamenepa.

2. Zida zopita nazo kokaona lupanga

Tepi yoyezera, kasikelo ka m'khitchini, tochi yowala bwino, galasi lokulitsa zinthu kakhumi, kamaginito, magolovesi a nitrile, ndi kachida koyezera kuchindikala kwa chitsulo m'mamilimita kamene amakaniko amakatcha vernier. Magolovesi si mwambo chabe. Thukuta lili ndi mchere, ndipo chala chimodzi pachitsulo chosapaka kanthu chimasiya chidindo cha dzimbiri m'masiku ochepa nyengo yadzinja.

Posolola lupanga, ligwireni chopingasa, dzanja lina pakamwa pa chimake, mbali yakuthwa isayang'ane chikhatho chanu, n'kukoka pang'onopang'ono mowongoka. Likakana musalimbane nalo. M'kati mwa chimake chachitsulo muli timatabwa tiwiri topyapyala, ndipo mukakoka mwamphamvu timatuluka limodzi ndi lupanga titasweka.

3. Werengani chizindikiro cha mfumu

Chizindikirochi chimapezeka pa chotchinga dzanja komanso pachitsulo, ndipo ndicho chimakupatsani zaka zimene lupanga linapangidwa:

- GR ndi George III, 1760 mpaka 1820
- GR IV ndi George IV, 1820 mpaka 1830
- WR IV ndi William IV, 1830 mpaka 1837
- VR ndi Victoria, 1837 mpaka 1901
- ER VII ndi Edward VII, 1901 mpaka 1910
- GR V ndi George V, 1910 mpaka 1936
- ER VIII ndi Edward VIII, 1936 yokha
- GR VI ndi George VI, 1936 mpaka 1952
- E II R ndi Elizabeth II, 1952 mpaka 2022

Pamene pawonjezeka chilembo I, monga VRI kapena GRI, kawirikawiri ndi lupanga la ofesala wa gulu la nkhondo la ku India. Zilembozi zimalukanalukana, choncho walitsani tochi cham'mbali n'kutsata mzere uliwonse ndi maso mpaka muone pamene wathera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano fananizani. Lupanga la 1897 lokhala ndi VR liyenera kukhala la pakati pa 1897 ndi 1901. La 1912 lokhala ndi VR n'zosatheka. Chotchinga dzanja chikamati GR V pomwe chitsulo chikuti VR, imani kaye, koma musathamangire kulitcha labodza. Mwana ankatha kutenga chitsulo cha bambo ake n'kukachiikitsa chogwirira chatsopano, ndipo malamulo atasintha mu 1895 ndi 1897 maofesala ambiri anangosinthitsa chogwirira pa chitsulo chawo chakale cha 1845. Kusintha kwa nthawi imeneyo ndi mbiri ya lupangalo. Choipa n'chakuti wogulitsa wa lero atole zidutswa za malupanga awiri owonongeka n'kulumikiza, ndipo momwe mungadziwire zili mu gawo 5.

4. Dzina la wopanga, kabatani kamkuwa ndi nambala

Yang'anani pa kachigawo kafulati ka chitsulo pafupi ndi chogwirira. Mbali imodzi pamakhala dzina ndi adiresi. Dzinalo nthawi zambiri ndi la telala kapena sitolo, monga Hawkes kapena Hobson & Sons ku London, osati la wosula. Osula enieni odziwika ndi monga Wilkinson wa ku Pall Mall, Pillin, Thurkle, ndi Robert Mole & Sons wa ku Birmingham. Pa malupanga a nthawi ya nkhondo za Napoleon mumapeza Osborn, Woolley kapena Gill, ndipo pamsana pa ena pamalembedwa J.J. Runkel Solingen, yemwe ankaitanitsa zitsulo kuchokera ku Germany.

Mbali inayo pali nyenyezi ya nsonga 6, ndipo pakati pake analowetsapo kabatani kamkuwa kosonyeza kuti chitsulocho chinayesedwa. Anayambitsa ndi Henry Wilkinson m'zaka za m'ma 1840, ndipo kake kamakhala ndi zilembo HW. Ena anatengera, nalembapo PROVED. Mukaona kabatanika pa lupanga limene akuti ndi la nkhondo ya ku Waterloo ya 1815, dziwani kuti pali bodza penapake. Kakasowa n'kutsala kadzenje, si mlandu waukulu, timagwa tambiri.

Kenako tembenuzani muone pamsana. Kuyambira 1854 Wilkinson ankadinda nambala pamenepo, kuyambira cha pa 5000, n'kulemba m'mabuku ake tsiku limene chitsulocho chinayesedwa ndi dzina la wogula. Kampaniyi inaleka kupanga malupanga mu 2005, koma mabukuwo alipo ndipo munthu amalipira kuti amufufuzire nambala yake. Musanalipire mtengo wokwera poyembekeza dzina, dziwani kuti mizere ina m'mabukumo ilibe dzina, ina ili ndi dzina la sitolo lokha.

5. Liyeseni m'manja

Kunja kukhoza kukoma ngati nkhuyu, m'kati muli nyerere. Malupanga atsopano ochita kukalambitsidwa ndi asidi ndi ambiri pamsika, ndipo amagwidwa pa zinthu izi.

Yambani ndi kuchindikala. Lupanga lenileni limayamba lochindikala kuchogwirira n'kumapyapyala mpaka kunsonga. La apakavalo la 1796 limayamba pa mamilimita 8 mpaka 10 n'kukathera pa 2 kapena 3. Lokopera limadulidwa ku chitsulo chafulati, ndiye muyeso wake umakhala pafupifupi umodzimodzi njira yonse, ndipo m'manja limalemera kutsogolo ngati chikwanje. La 1897 lopanda chimake limalemera cha m'magalamu 800 mpaka 900. Likapitirira kilogalamu imodzi, kayikirani.

Maluwa ndi zilembo za pachitsulo zinkadyetsedwa ndi asidi. Pa lenileni maluwawo amatumphuka pang'ono n'kumawala, pansi pake n'potuwa ngati mame, ndipo m'mphepete mwa zilembo n'mwakuthwa. Pa lokopera zilembo zimakhala zonenepa, zosalongosoka, mwina dzina la msewu lolembedwa molakwika. Malupanga a zaka za m'ma 1790 mpaka cha m'ma 1820 ankakongoletsedwa ndi mtundu wabuluu wochita kuwotcha ndi golide. Buluu wakale amatha mosiyanasiyana, makamaka pamene chimake chimakhudza. Akakhala wofanana bwinobwino ngati penti, wapakidwa posachedwa.

Chogwirira ndi mtengo wokutidwa ndi chikopa cha shaki kapena nsomba ina ya khungu lamatuza, chomangidwa ndi waya wopota wasiliva kapena wamkuwa. Pa galasi lokulitsa, timatuza ta chikopa chenicheni timasiyana kukula ndipo tina tinaperepeseka pamene chikhatho chinkagwira. Tikakhala tofanana m'mizere, ndi pulasitiki kapena chikopa chodinda. Gwedezani pang'ono: chogwirira chisagwedere kapena kulira.

Pamapeto pa chogwirira ndi pamene mchira wa chitsulo umatulukira, ndipo umakhala wophwanyidwa ndi nyundo kapena womangidwa ndi kanati. Apa ndi pamene wolumikiza zidutswa amasiya mapazi. Chitsulo chowala kumene, mano a pulayala pa kanati, kapena guluu wotuluka m'mphepete zikusonyeza kuti lamasulidwa posachedwa. Onaninso ngati ukalamba wa mbali zonse ukufanana. Chitsulo chodyeka ndi dzimbiri pansi pa chotchinga dzanja chonyezimira sizinakalambire limodzi.

Kamaginito kakuuzani ngati chotchinga dzanja n'chachitsulo chokutidwa nickel kapena ndi mkuwa wochita kupakidwa. La 1897 liyenera kugwira maginito. Pomaliza, ikani diso kuchogwirira n'kuyang'ana motsata msana ngati mmisiri woona thabwa, muone ngati lapindika. Musalipinde poliyesa, chifukwa chitsulo chokhala ndi dzimbiri lakuya chimathyoka mosachenjeza.

Lupanga lonoledwa bwino ndi tupa kuyambira pakati mpaka kunsonga, ndipo ponoledwapo n'pakuda mofanana ndi pena ponse, likhoza kukhala limodzi mwa amene ananoledwa popita kunkhondo, monga zinachitikira mu August 1914. Zimenezo zimawonjezera mtengo. Mikwingwirima ya gulayinda imautsitsa.

6. Kugula ndi malamulo

Mawu a wogulitsa akuti lupangali linali la mkulu wakutiwakuti alibe mtengo ngati palibe dzina pachitsulo, kalata, chithunzi kapena nambala yotsimikizira. Lipirani zimene maso anu akuona. Pogula kutali, pemphani zithunzi za mbali zonse ziwiri za pafupi ndi chogwirira, za msana, za nsonga, za pamapeto pa chogwirira ndi za pakamwa pa chimake. Ku okushoni za ku Britain ndi South Africa, pamwamba pa mtengo umene mwapambanira amawonjezerapo gawo la nyumba yogulitsayo, nthawi zambiri 20 mpaka 30 peresenti, kuphatikizanso msonkho ndi ndalama zotumizira. Werengerani zonsezi musanakweze dzanja, ndipo funsiranitu ngati kampani yonyamula katundu imalola malupanga, chifukwa ambiri amakana.

Chenjerani ndi minyanga ya njovu. Lupanga la 1831 la akazembe a nkhondo lili ndi chogwirira cha mnyanga, chimodzimodzinso ena akale a panyanja. Kuwolotsa malire chinthu chotere kumafuna zilolezo za CITES, pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha. Ku Britain lamulo la Ivory Act 2018, lomwe linayamba kugwira ntchito mu June 2022, limaletsa malonda ake kupatula zochepa zolembetsedwa, monga chinthu cha chisanafike 1947 chimene mnyanga wake sufika magawo 10 pa 100. Ku Malawi chilango cha milandu ya minyanga chinakwezedwa mu 2017 mpaka zaka 30 m'ndende. Ife tikuti malupanga amenewa asiyeni.

Amene muli ku Britain dziwaninso kuti kuyambira 2008 malupanga okhota a masentimita 50 kapena kuposerapo ndi oletsedwa, kupatula ena monga opangidwa chisanafike 1954, choncho sungani umboni wa zaka za lanu. Wofuna kulowetsa lupanga m'Malawi afunse kaye ku polisi ndi ku MRA. Wofuna kutulutsa lopezeka kuno afunse ku Dipatimenti ya Museums and Monuments, popeza lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakale. Ndipo lupanga looneka latsopano la pa perete, munthu akamakutsatsani mobisa, likhoza kukhala katundu wa boma.

7. Kuyeretsa

Malupanga ambiri amawonongekera pano, m'manja mwa munthu wolikonda. Phulusa ndi mchenga ndi za mapoto. Sandipepa, gulayinda, sitiliwulu wa m'khitchini, viniga, mandimu ndi asidi wa batire zisayandikire. Zokwecha zimafuta maluwa amene ndi ozama pang'ono kwambiri, ndipo asidi amasiya chitsulo chotuwa ngati lata, chosabwereranso.

Siyanitsani dzimbiri lamoyo ndi lakufa. Lofiira, lothothoka ngati ufa, likudyabe chitsulo ndipo liyenera kuchoka. Mawanga akuda osalala analeka kudya, asiyeni.

Pochotsa lofiira chitani motere. Kutirani chogwirira ndi pepala lapulasitiki kuti mafuta asafike pachikopa, ndipo nsonga ipendekere pansi. Donthezani mafuta a makina osokera pa dzimbiripo n'kusiya usiku wonse, kapena masiku atatu ngati ndi lokhuthala. Palani ndi kansungwi kosongola kapena m'mphepete mwa kachidutswa ka mkuwa, chifukwa zonsezi n'zofewa kuposa chitsulo. Pukutani ndi nsalu yoyera ya thonje, muone ngati ikutulukabe yofiira. Pokhapokha pakatsala pouma, tengani sitiliwulu wosalala kwambiri wa nambala 0000, mumunyowetse mafuta, n'kusisita mopepuka motsata utali wa lupanga, osati chopingasa, kachigawo ka masentimita 5 nthawi imodzi. Pamene pali buluu ndi golide sitiliwulu asafikepo n'komwe. Pa chitsulo chokutidwa nickel samalaninso: dzimbiri limayenda pansi pa chikutocho n'kuchitukula ngati matuza, ndipo mukakwecha chimasendeka.

Mukatha, chotsani mafuta onse ndi white spirit (mankhwala osungunulira penti) panja kapena pa windo lotsegula, dikirani liume, ndipo pakani phula losungira zinthu zakale. Lodziwika ndi Renaissance Wax, lomwe linakonzedwa ku British Museum m'zaka za m'ma 1950. Kuchuluka kwa njere ya chimanga kumakwana mbali imodzi ya chitsulo. Pakani mopyapyala, dikirani mphindi zingapo, pukutani ndi nsalu yofewa, bwerezani kachiwiri. Phulali likasowa, mafuta a makina osokera opakidwa mopyapyala amathandiza, bola muziwabwereza mwezi ndi mwezi. Mafuta ophikira ayi, amasasa n'kusanduka ulimbo.

Chotchinga dzanja chachikasu musachipake Brasso. Golide wa pamwambayo ndi wopyapyala kuposa tsitsi, ndipo kupukuta kumodzi kwamphamvu kumamuchotsa. Kathonje konyowa pang'ono ndi madzi a sopo wofewa, kenako kouma, n'kokwanira. Zobiriwira zimene zimamera pamene mkuwa wakhudzana ndi chikopa zitokoseni ndi kamtengo kotokosera m'mano, n'kusamba m'manja pambuyo pake chifukwa ndi poizoni. Chikopa cha nsomba cha pachogwirira chimangofuna mswachi wofewa wouma. Waya akamasuka musamukoke, mubwezereni m'mzere mwake ndi kamtengo.

Chimake chimafuna ulemu womwewo. Lupanga la 1897 linkakhala ndi ziwiri: chachitsulo chonyezimira cha pa perete, ndi chamtengo chokutidwa chikopa chofiirira chopachika pa lamba wachikopa wa maofesala wotchedwa Sam Browne. Chikopacho musachipake polishi wa nsapato kapena mafuta, chifukwa amafewetsa ulusi wosokera n'kuitana chuku. Chikamathothoka ufa wofiira, chawola m'kati, ndipo chimenecho n'cha katswiri wosamala zinthu zakale.

8. Kusunga

Chitsulo chimafuna pouma, pomwe mtengo ndi chikopa zimang'aluka pakauma kwambiri. Chinyontho cha mumpweya cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti chimakomera zonse. Kwathu kuno, kuyambira November mpaka April, komanso nthawi ya chiperoni ku Mulanje ndi Thyolo kapena m'mphepete mwa nyanja ku Nkhata Bay, chinyontho chimapitirira pamenepo kwambiri. Gulani kachida koyezera chinyontho, ikani malupanga m'kabati yotsekeka bwino, n'kuikamo timatumba ta silica gel. Tikakhuta madzi, tiumitseni mu uvuni pa madigiri 110 mpaka 120 kwa maola awiri.

Sungani lupanga kunja kwa chimake, ziwirizi zitagona moyandikana pa timitengo tokutidwa nsalu. M'chimake chinyontho chimabisala ndipo simuona dzimbiri likuyamba. Chimake chachikopa chokhachokha, chopanda mtengo m'kati, chimafota chikakhala chopanda kanthu ndipo chimathyoka pakati mukachinyamula mbali imodzi, choncho lowetsanimo kathabwa kopyapyala kosemedwa muyeso wa lupangalo. Pewani khoma lakunja limene limachita thukuta, pewani dzuwa la pawindo ndi utsi wa kukhitchini. Timabowo tating'ono ndi ufa wa mtengo pansi pa chimake ndi chizindikiro cha tofumbwa, chipatuleni msanga kwa zinzake. Nsonga ya lupanga la 1897 imabaya ngakhale patapita zaka 100, choncho kabatiyo ikhale ndi loko ngati panyumba pali ana. M'dzinja tulutsani lililonse kamodzi pamwezi n'kuliwalitsa ndi tochi, makamaka m'kangalande ndi pansi pa kachikopa kamene kali pamene chitsulo chimakumana ndi chogwirira.

9. Fufuzani mwini wake ndipo lembani

Mukakhala ndi dzina kapena zilembo zake pamodzi ndi gulu la nkhondo, yambani ndi London Gazette, yomwe imapezeka pa intaneti kwaulere ndipo inkalengeza kupatsidwa udindo ndi kukwezedwa kwa ofesala aliyense. M'menemo mumapezekanso chilengezo cha amene anabwerekedwa ku King's African Rifles. Mafailo a maofesala ambiri a nkhondo ya 1914 ali ku National Archives ku Kew, m'magulu a WO 339 ndi WO 374. Ofesala ankagula lupanga pa nthawi imene ankalandira udindo, choncho chaka cha nambala ya Wilkinson chiziyandikana ndi chaka cha mu Gazette. Zilembo ziwiri zokha zimatha kugwera anthu angapo, ndipo zikatero lembani kuti "mwina", musasankhe wotchuka. Pofananitsa kapangidwe, zithunzi za Royal Armouries ku Leeds ndi National Army Museum ku Chelsea zili pa intaneti.

Lupanga lililonse likhale ndi tsamba lake: mtundu, utali, kulemera, zizindikiro zonse monga zalembedwera, kumene munagula, tsiku, mtengo, zithunzi za lisanayeretsedwe, ndi chilichonse chimene mwapakapo. Nambala ya tsambalo ilembeni pa kakhadi n'kukamangirira ku chotchinga dzanja ndi ulusi wa thonje. Selotepi ndi mphira musagwiritse ntchito, chifukwa guluu wa selotepi amadetsa chitsulo ndipo mphira amadetsa waya wasiliva.